Disiketi ya M'minibasi

Panali munthu wina ku Kanakantapa, dzina lake Kondani, m'chaka cha 1998. Ine ndinafika Fomu 5, ndipo kompyuta ndinaigwira ambiri a inu musanaione n'komwe, ndiye izi sindikupeka.

Kondani analembedwa ntchito pafamu ya matimati kuti apange pulogalamu yoyatsa ndi kuzimitsa pampu ya padamu. Koma chida chake chopangira mapulogalamu chinalibe mbali yolamulira pampu. Panafunika kachidutswa kowonjezera kolembedwa ndi munthu wina, kaja amati pulagini.

Akudandaula zimenezi m'minibasi yochokera ku Lusaka, bambo wina wajekete anamupatsa disiketi ya kompyuta yokhala ndi pulagini yotero.

"Tenga, mwana wanga. Izagwira."

Mlamu wake Mainess, wophunzitsa kompyuta, anamuchenjeza: "Alamu, analemba ni ndani? Yesani pakompyuta ina, muwerenge masetingi, zija imafunsa poiika, musunge kope la pulogalamu yanu."

"Imwe ba Mainess, nilibe nthawi. Matimati sayembekeza."

Anaika pulaginiyo, n'kumangovomera chilichonse chimene inkafunsa, osawerenga. Pampu inayaka. Koma tsiku lililonse dzuwa likafika pamutu, pampu inkazima yokha osayakanso mpaka tsiku lotsatira, pasikirini n'kutuluka mawu akuti: MULI MUNTHU M'DAMU. Antchito ankathamangirako ndi nsungwi, osapeza kanthu. Kondani atayesa kuchotsa pulaginiyo, pulogalamu yonse inakana kutseguka. Matimati anayamba kufota.

"Konza, apo ayi nyamula zako," anatero mwini famu.

Kondani anatsata dzina lolembedwa padisiketipo: Fabiano, Chalimbana. Kumeneko anapeza mkazi wa Fabianoyo. Mayiyo ataiona disiketi anakhala pansi.

"Mwaitenga kuti? Ba Fabiano anamira chaka chatha, masana. Anali kukonza paipi m'damu, pampu inayaka yokha. Madisiketi awo anasowa abale asanagawane katundu wa malemu."

Kondani anaisiya disiketiyo pomwepo. Matimati anauma onse, ntchito inatha.

Ali panjira yobwerera, m'pamene anakumbukira. Bambo wajekete uja atatsika minibasi tsiku lija, mpando wake unali wonyowa mpaka kudontha. Unali mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe ndi dontho limodzi.

Phunziro: Chinthu chimene simudziwa amene anachilemba, musachilowetse m'pulogalamu yanu. Funsani kumene chachokera, werengani musanavomere, sungani kope. Ine sindinagwepo m'zoterezi chifukwa ndimawerenga. Patsirani ena, makamaka aja amadziyesa akatswiri.