Chidindo cha dzulo

"Azakhali, ndachedwa ndi tsiku limodzi lokha," mtsikana wina ananong'ona mu ofesi ya boma.

Kalaliki anabweza deti ya pachidindo n'kudinda fomu ya mwana wa mchimwene wakeyo. Pa ntchito zomwe boma limalipirira achinyamata omaliza maphunziro ndi asilikali opuma, malo anatsala amodzi, ndipo asilikali ndiwo ankayamba kuganiziridwa.

Mtsikanayo atangotuluka, panafika bambo wotsimphina, fomu ili m'manja. Anati anagonekedwa m'chipatala, mwendo womwe anavulala kunkhondo unatupanso.

"Tinatseka dzulo, bambo," anatero kalalikiyo, maso ali patebulo.

Bamboyo anapinda fomu yake bwinobwino n'kuiika m'thumba.

"Musadandaule, mayi, lamulo ndi lamulo. Ife tinkagona m'matope kuti m'maofesimu muzikhala anthu olungama ngati inu."