Goloboyi Amene Anamwa Kava wa Masiku Awiri

Panali munthu wina kwathu kuno ku Fiji, dzina lake Kolinio, goloboyi wa timu ya m'tauni mwathu. Nkhaniyi ndi yoona, anandiuza ndi mlamu wanga amene anali m'bwalo la mpira pamene zinkachitika. Munthuyu anali wamtali ngati mtengo wa kokonati, manja ngati mafosholo, pakamwa ngati wailesi yothyoka batani lozimitsira. Pa kava, chakumwa chathu cha mizu chija, ankadzitama kuti amamwa zikho makumi atatu n'kudzuka kukadula nzimbe.

Chaka chimenecho timu yathu inapita ku Port Vila, ku Vanuatu, ku mpikisano wa matimu a pazilumba. Inafika mpaka semifainolo, koyamba chiyambire. Okumana nawo anali eni bwalo. Goloboyi wachiwiri anali atathyoka chala, ndiye pagolo tinkadalira Kolinio yekha.

Kutatsala tsiku limodzi, kochi wathu, bambo Dharmendra, anamuitanira pambali.

"Iwe Kolinio, kava wa kuno si madzi otsukira mbale timamwa kwathu aja. Kuno amasinja mizu yaiwisi. Usalawe mpaka titasewera."

"Ineyo akochi? Ngakhale fungo lake ndilithawa."

Chakumadzulo, dzuwa lisanalowe, Kolinio anatuluka kukawongola miyendo. Pamsewu anakumana ndi bambo wina wa malaya a maluwa, womwetulira mpaka m'makutu. Anati dzina lake ndi Kaltang.

"Kodi si a Kolinio inu? Tauni yonse ikunjenjemera ndi dzina lanu. Kungoti anthu akuti a ku Fiji pa kava ndi ana, anazolowera tiyi."

"Wanena zimenezo ndani?"

"Musapse mtima akulu, ndi zokamba za anthu. Tiyeni kachikho kamodzi kokha, kokulandirani. Kapena akochi anakuletsani?"

"Ine saletsa munthu."

Anapita. Atafika pomwera, Kaltang ananong'oneza wogulitsa, ndipo panatuluka ndowa ina yochokera kuseri. Kolinio anaona kuti mnzakeyo akumutungira m'ndowa yosiyana, koma anangoti ndi ulemu wa mlendo. Chikho choyamba, gwa. Chachiwiri, milomo inachita dzanzi. Pa chachisanu anayamba kupereka moni kwa mtengo. Sankadziwa kuti umenewo ndi mtundu umene eni ake amautcha wa masiku awiri, chifukwa ukalowa m'thupi suchoka mpaka mkuja.

M'mawa kaputeni wa timu, Avinesh, amene ankagona naye chipinda chimodzi, anamupeza akulimbana ndi sokosi imodzi kwa theka la ola.

"Ase, maso akowa bwanji?"

"Chimfine."

"Chimfine chonunkha dothi? Wamwa iwe. Tiye tikauze akochi, aike wina pagolo, ngakhale wosewera kumbuyo."

"Ukangotsegula pakamwa, ubale watha. Pofika masana ndikhala nditawongoka."

Avinesh sanakawauze akochi.

Mpira unayamba 3 koloko, dzuwa lili ng'a. Pa mphindi khumi anyamata athu anagoletsa. Kenako onse anabwerera kumbuyo kukatchinga, moti chigawo choyamba chinatha Kolinio osagwira mpira ndi kamodzi komwe. Anangotsamira chitsulo cha golo, thukuta lili chuchuchu, bwalo likupendekeka uku ndi uku ngati sitima.

Chigawo chachiwiri anasintha magolo. Kumbuyo kwake kunali ochemerera a eni bwalo, ndipo kutsogolo kwawo, ng'oma pamimba, yunifomu ya timu yawo pathupi, kunali Kaltang.

"A Kolinio, mwadzuka bwanji akulu? Tikutungireni china?"

Apa m'pamene Kolinio anazindikira kuti anamutchera msampha.

Pa mphindi 70 wina wa eni bwalo anaponya mpira kuchokera patali. Kolinio anadumpha, inde, kudumpha kokongola zedi, koma mpira unali utafika kale mu ukonde ndipo anthu anali atayamba kale kuvina. Chimodzi kwa chimodzi.

Bambo Dharmendra anathamangira kumzere. "Avinesh, goloboyi wakoyo watani?"

"Ali bwino akochi," anayankha Avinesh, maso ali pansi.

Mphindi zinkatha. 80. 85. Athu ankatchinga ndi mitu, ndi mimba, wina mpaka ndi mphuno. Kochi anayamba kale kulemba mayina a omenya mapenate. Pa mphindi 89 adani awiri anamupanikiza Avinesh pakona. Kutsogolo kunalibe njira. Anatembenuka, anamuona Kolinio ali yekha, anazengereza pang'ono, n'kumupatsira mpira pang'onopang'ono.

"Kolinio, chotsa!"

Mpirawo unkabwera ngati gogo wopita ku tchalitchi. Kolinio ankauona bwinobwino, kungoti ankaona iwiri. Mutu unauza mwendo kuti menya. Mwendo unayankha kuti mawa. Atauzula pomaliza, anamenya mpira wabodza uja. Weniweniwo unadutsa pambali pa phazi lake, unakhudza chitsulo, unaima ngati ukuganiza kaye, kenako unalowa.

Wenzulo yomaliza italira, Avinesh anapita yekha kwa kochi n'kuulula zonse. Ukaputeni unathera pomwepo.

Atabwerera kumudzi, Kolinio anachita mwa mwambo wathu. Anatenga mtolo wa mizu ya kava, anakalowa mu holo momwe munadzaza akuluakulu a timu ndi ochemerera, anakhala pansi, anauika patsogolo pawo n'kupepesa misozi ili mbwembwembwe. Kwathu kuno anthu akalandira kupepesa kwako amaomba m'manja. Kolinio anaweramitsa mutu kudikira.

Anadikira. Panamveka kutsokomola kwa munthu mmodzi kumbuyo. Kenako mipando inayamba kukhuluka, anthu akutuluka mmodzimmodzi. Womaliza anali bambo Dharmendra. Anaima pakhomo n'kunena motsitsa mawu:

"Nyamula mizu yakoyo. Pagolo pathu usadzaimeponso."

Phunziro: Wokuletsa chinthu amakufunira zabwino kuposa wokuyamikira pamsewu. Ukalakwa ulula msanga, anzako asanagwe nawe m'dzenje, ndipo usabise cholakwa cha mnzako pamene chiti chipweteke gulu. Tumizani uthengawu kwa ena, makamaka kwa aja amati iwo saletsa munthu.