Malikisi a Bernadetta

Mayi Dorika anasiya mbatata yokumbakumba m'munda, nayenda kuchokera ku Bembeke mpaka kusekondale, chifunga chili kumaso, nsapato zili m'manja. Anali ataitanidwa ndi aphunzitsi. Mwana wawo Bernadetta anali atalepheranso Siviki, phunziro lija la za boma ndi unzika.

Aka sikanali koyamba, ndipo Mayi Dorika anali atatopa nazo. Masamu mwanayo ankakhoza. Chingerezi ankachita kumwa. Nanga pa Siviki yekhayo chinavuta n'chiyani? Iwo yankho anali nalo kale: mphunzitsiyo ankadana ndi mwana wawo. Mwana wopanda bambo aliyense amamuponda. Bembeke yense ankadziwa kuti amuna awo, a Gervazio, anafera kumigodi ku Joni, ndi kuti mayiyo anasamuka ku Kaphuka ndi mwana mmodzi ndi khasu basi. Ku Boma sankapitako, ankati phokoso limawadwalitsa mutu. Ulendo wawo unali umodzi wokha, wokagula nyemba kutsidya kwa malire mwezi ukatha, atamanga botolo la mankhwala a chifuwa pansonga ya chitenje.

Anawalowetsa m'kalasi mopanda ana. Bernadetta anaima pafupi ndi zenera losweka, manja kumbuyo. Aphunzitsi a Vinsenti, munthu wowonda wa choko mpaka m'tsitsi, anakoka benchi.

"Khalani, mayi."

"Ndiima. Mbatata ikundidikira. Mwana wangayu anakulakwirani chiyani?"

A Vinsenti anapuma mozama ngati munthu wotula mtolo wa nkhuni. Anati malamulo a m'kalasi mwawo ndi ochepa. Wofuna kuyankha aimirire. Ayankhe zimene zili m'buku, osawonjezera zake. Wosafika theka la malikisi akatchetche udzu, ndipo akabwereza, abwerezenso kalasi. Bernadetta tsopano anali pakhomo pobwereza Fomu 2.

"Kubwereza?" Mayi Dorika anaponya nsapato pansi. "Msana wangawu mukuuona? Ndilimenso chaka china chifukwa cha inu?"

"Chifukwa cha ine? Mayi, pakamwa mwanayu amandiposa ndi ine ndemwe. Tamverani. Bernadetta, ngodya zinayi za dziko lathu?"

"Umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo," anayankha mtsikanayo osaphethira.

"Nduna amasankha ndani? Malamulo amapangidwira kuti? Mbendera ili ndi mitundu yanji, ndipo ikutanthauza chiyani?"

Zonse anayankha, mawu ali phee, maso ali pansi.

"Mwamva? Koma mpatseni pepala. Ngodya alemba zitatu. Likulu la dziko alemba Zomba, chonsecho anzake onse akudziwa kuti linasamukira ku Lilongwe. Mbendera aipatsa mtundu wachikasu. Ndichonge chiyani pamenepo? Ndichonge nkhope?"

Mayi Dorika anatembenukira kwa mwana wawo. Anabwera ndi mkwiyo wa munthu mmodzi, tsopano sankadziwa pouika.

A Vinsenti anali asanathe. Anati chimene chinkawapweteka kwambiri n'chakuti chaka chilichonse mwana woyamba pa Siviki amapita ku Boma pa tsiku la chikondwerero cha ufulu. Amakwera pansanja pamodzi ndi kholo lake, akuluakulu a chipani a m'madera onse ali pompo, nalakatula ngodya zija khamu likumva. Amawajambula, chithunzi n'kutuluka m'nyuzipepala. Sukulu yawo inali isanatumizeko mtsikana.

"Chaka chatha mwanayu anatsala pang'ono kukhala woyamba. Nditangolengeza za nsanjayo, ndi uyu wayamba kulemba zamisala. Ndayesa kumunyengerera, ndayesa udzu. Mwina inu akumverani. Ine ndalephera."

Belu linalira. A Vinsenti anatola choko ndi buku lawo, natuluka akupukusa mutu.

M'kalasi munatsala awiri. Mphepo inkalowa pazenera losweka lija. Mayi Dorika anayang'ana manja a mwana wawo, matuza a chikwakwa ali mbuu, ndipo m'malo mwa chisoni anamva moto. Iwo kudzuka nkhuku zisanatsike, kusenza matumba mpaka kumsewu, kudya zosathira mchere kuti wina aphunzire, ndiye wina wakeyo azisewera ndi pepala?

"Iwe," anatero atamugwira khutu. "Ndakunyozera munthu wosalakwa. Ndachita manyazi ngati wakuba. Ukudziwa zonse, ndiye ukulemberanji zopusa? Ndi anyamata? Wayamba anyamata?"

"Ayi, amayi."

"Nanga n'chiyani? Ukuopa anthu? Pansanja pali mkango? Ukanakwera, ine n'kuvala chitenje changa chabwino chija, nanenso n'kuonekako ngati munthu. Yankhula, ndisanakuswe pompano!"

Bernadetta anasuzumira kukhomo, kenako pazenera. Anachotsa dzanja la mayi ake pakhutu pang'onopang'ono, koma sanalisiye.

"Amayi, inu simutsokomola," ananong'ona. "Ndipo nyemba tili nazo zathu. Akakukwezani pansanja paja, a chipani a ku Kaphuka akakuzindikirani, n'kuyamba kukutsatani. Nanga atate, amene akubisala kutsidya kuja kuthawa a chipaniwo, mankhwala azikawapatsa ndani?"