Chubu Chimodzi pa Chaka

Kumudzi kwa achemwali anga, a Nachisale, makina a kuchipatala amatulutsa mankhwala a chipere chubu chimodzi pa banja chaka chonse. Chikatha, china umagula ndi mbuzi. Ine wa m'tauni sindinkadziwa. Ndinafika ndikukanda khosi.

"Pakani, achimwene," anatero, nandipatsa chubu ndi kamtengo ka machesi kopimira.

Kamtengoko ndinatokosera m'mano. Chubucho ndinafinya ngati mankhwala otsukira mano.

M'mawa ndinawapeza atang'amba chubucho ndi lezala, akupala m'kati. Mwana wawo Tiyanjane anali atagwada, mutu uli zigamba zoyera. Pageti la sukulu makina amabweza aliyense wa chipere.

"Amayi, mankhwalawo akwana?"

"Usiku amalume ako sanakande. Thokoza zimenezo."

Khosi langa linkanyezimirabe. Ndinakweza kolala.