A Mpandokaye Anaiwala Mpando

Panali munthu wina, mphunzitsi wa galimoto, amene aliyense ankangomutchula kuti a Mpandokaye. Nkhaniyi ndinaimva kwa mayi amene anaphunzira galimoto m'manja mwawo. Dzinalo linabwera chifukwa wophunzira akangolowa n'kuthamangira kiyi, iwo ankamugwira mkono n'kunena kuti, "Mpando kaye. Amene anakhalapo dzulo, miyendo yake si yako."

Anaimba nyimbo imeneyi zaka makumi awiri ndi zitatu. Kenako anadwala sitiroko. Anachira, koma zala ziwiri za dzanja lamanja, cholozera ndi chapakati, zinatsala zolemera. Adokotala anati akazilimbitsa atha kubwerera pamsewu, ndipo abwana awo analonjeza kuwasungira malo mpaka kutha kwa mwezi. Koma bambowo mtima unali utagwa. Laisensi anaiponya m'kabati ya mbale, n'kumangoswera pabalaza.

Mwana wawo wamkazi, wokonza mafoni, anabwera ndi gemu ya mpikisano wa magalimoto, n'kuilumikiza ku kanema. Anawapatsa padi, kachipangizo ka mabatani kogwira ndi manja awiri kaja.

"Adadi, adokotala anati zala muzizipatsa ntchito. Koma tiyambe takonza mabatani. Moto wothamangitsira galimoto uli kumbuyoku, pa chala chimene chikukuvutanicho. Tiusamutse."

"Iwe, kuwoloka msewu ndinakuphunzitsa ndine. Lero undiphunzitse galimoto ya m'kanema?"

Mwana anangoti chabwino, ulendo ku ntchito.

Atatsala okha, a Mpandokaye anafufuza pafoni mpaka anapeza katswiri wina wosaonetsa nkhope, wodzitcha Mphezi. Iye ankati, "Tcherani ngati ine. Chiwongolero chikhale pa handiredi kuti chizimva msanga. Zothandizira buleki zimitsani zonse, n'za makanda." Mawu oti makandawo ndi amene anawamaliza. Anakopera manambala onse papepala, n'kutchera gemu ndendende monga mwa Mphezi.

Zimene zinachitika pamenepo n'zomvetsa chisoni, ngakhale kuseka ungaseke. Akangokhudza kandodo kokhotera, galimoto inkazungulira ngati nkhuku yodulidwa mutu. Chala chinkatopa pa moto mtunda usanathe. Masiku anayi anatha asanadutse kona yachitatu.

Lachisanu kunabwera mlamu wawo, munthu wopanda buleki pakamwa. Anaonerera pang'ono, kenako anati, "Alamu, khomali mwalifunsira? Kona iliyonse mukulipsompsona. Ndikauza achemwali."

A Mpandokaye anaseka ndi mano okha. Mlamu atapita, anaika padi pansi pang'onopang'ono. Mantha anali atawagwira, ndipo manyazi anaposa manthawo.

"Ngati galimoto yabodza ikundikana, nanga yeniyeni?" anauza mwana wawo atabwera kuchokera ku ntchito. "Lolemba ndikauza abwana apeze wina. Ine kwanga kwatha."

Mwanayo sanatsutse. Anatola pepala la manambala lija patebulo, n'kuliyang'ana.

"Izi mwazitenga kuti?"

"Kwa katswiri."

"Katswiriyo munaziona zala zake?"

"Ayi."

"Anadwalapo ngati inu?"

Bambo anapukusa mutu. Mwana anawabwezera padi m'manja, n'kunena motsitsa mawu, "Mpando kaye, adadi."

A Mpandokaye anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anaphulika kuseka, mpaka misozi inatsika, ndipo ina mwa misoziyo sinali ya kuseka. Munthu amene anakonzetsa mpando tauni yonse anakhala sabata yathunthu pampando wa mwini wake, mapazi osafika pansi.

"Bwera ukhale apa, mama. Tiyambire pati?"

Moto anausamutsira pa chala chachikulu, chimene chinali ndi mphamvu. Buleki anaisiya ku dzanja lamanzere. Chiwongolero anachitsitsa kuchoka pa handiredi kufika pa fote, ndipo zothandizira buleki anaziyatsanso pang'ono. Chala chodwala sanachisiye kuti chizidya zaulere, anachipatsa ntchito yopepuka yosintha magiya. Akasintha chinthu chimodzi, ankazungulira kamodzi kuti amve kusiyana, kenako n'kusintha china.

Galimoto itayamba kumvera, mphunzitsi wakale uja anadzuka mwa iwo. Anayamba kudzilankhulira okha: buleki usanalowe kona, maso kumene ukupita, moto potuluka. Tsiku lomwelo anamaliza mpikisano woyamba. Anathera pa nambala leveni mwa magalimoto thwelofu, koma mmene anaitanira akazi awo kuti adzaone, mukanati atenga chikho.

Lamlungu mlamu anabweranso ndi pakamwa pake. Anapatsana mapadi. Pa kona yachitatu ija mlamu analowa ndi liwiro lonse n'kukathera kukhoma, a Mpandokaye n'kudutsa mkati bwinobwino.

"Alamu," anatero osachotsa maso pakanema, "khoma lija ndakusiyirani. Mulisamale."

Lolemba anapitadi kwa abwana, koma kukapempha masabata awiri ena. Atatha masabatawo, adokotala anawayeza n'kuwalola. Anayamba ndi galimoto yosintha yokha magiya, ndipo sanachite nazo manyazi.

Wophunzira woyamba anali mayi uja anandiuza nkhaniyi. Akuti atangotambasula dzanja kuti agwire kiyi, bambowo anamugwira mkono ndi zala ziwiri zija. Zinagwira zolimba.

"Mpando kaye, mayi," anatero. "Musade nkhawa, inenso ndinauiwalapo."

Phunziro: Zimene zinamuyendera katswiri wa pafoni anazikonzera manja ake, osati anu. Musanadziweruze kuti mwatha ntchito, onani kaye ngati mwakhala pampando wokuyenerani, ndipo mverani amene amakudziwani ngakhale munamubereka nokha. Tumizirani wina amene watsala pang'ono kuponya laisensi yake m'kabati.