Lilime la a Levisoni

Jakisoni wachisanu anali kale m'manja mwanga. Anthu anali atawabweretsa a Levisoni pa ngolo ku kachipatala kathu ka mishoni malovu ali chuchuchu, atawaza mankhwala ophera tizilombo pa nazale ya fodya ku Nsaru.

Magazi awo tinatumiza ku Zomba, koma yankho linali la milungu iwiri. Muyeso wathu unali lilime. Adokotala anali atandiuza kuti ndiziwabaya mankhwala othetsa mphamvu ya poizoni otchedwa atropini mpaka m'kamwa muume, ndipo ndikapitirira pamenepo ndiwononga mtima.

Ndinapisa chala m'kamwa mwawo. Munali monyowabe, chonsecho khungu linali louma ndipo m'chifuwa munali mutasiya kuwira.

Ndinayang'ana akazi awo, a Rute. Nsonga ya nsalu yawo inkadontha.

"Mayi, ndikatembenuka mukumawapatsa madzi, eti?"

"Timadontho chabe, anesi. Munthu asapite kukhosi kuli gwaa. Apongozi angandinene."

"Sakupita kulikonse. Manja anuwo akhale pamiyendo."

Ndinaika jakisoni m'mbale n'kudikira. Nditapisanso chala, lilime linali louma ngati chikopa.

A Levisoni anatsegula maso. "Madzi," ananong'ona.

A Rute anayang'ana ine kaye.