Galimoto ya Mipando Iwiri ya ku Lirangwe

Panali munthu wina, dzina lake Julius Kapito. Dzinalo mulisunge, chifukwa ndi amene anapusitsa Mavuto wa ku Lirangwe dzuwa likuswa mtengo.

Bambo ake a Mavuto anagwira ntchito zaka zambiri kwa mzungu wina woyendetsa ndege ku Chileka. Pobwerera kwawo, mzunguyo anawasiyira galimoto yofiira ya ku Japan, Datsun 240Z, yamphuno yaitali, yokwawa pansi, mipando iwiri basi. Madalawo atakalamba anaiimika kuseri kwa nyumba n'kumanga mpanda wa njerwa kuzungulira, kachipata kake kongodutsa munthu ndi njinga. Atamwalira, galimoto inatsala momwemo, nkhuku zikuikiramo mazira.

Mavuto anali ku chikamwini ku Mdeka. Pakhomo pa makolo panatsala mlongo wake, Eunice. Akabwera kudzacheza, Mavuto ankangoinyoza galimotoyo.

"Galimoto yanji yosanyamula anthu? Thumba la chimanga ungaike pati? Wodwala amene sangagonemo."

A Solomon, makaniko wokalamba wa pa Lirangwe, anamuchenjeza. "Mwana wanga, iyi sanapangire matola. Anapangira liwiro, ndipo zatsala zowerengeka. Usalole munthu aikhudze ndi sipanala."

"Mwakalamba, a Solomon," anatero Mavuto akuseka.

Kenako anatulukira Julius uja, nsapato zosongoka, magalasi akuda kumaso. Anaizungulira galimoto kawiri, n'kulavula.

"Abwana, ichi ndi chiphapha. Ine ndikuchotserani zinyalalazi, ndikupatsani njinga yamoto yatsopano muyambe kabaza."

Mavuto sanafunse kwawo kwa munthuyo, sanafunsenso kuti munthu wanzeru angapereke bwanji njinga yatsopano posinthana ndi zinyalala. Anangomva kabaza basi.

Kutacha Julius anabwera ndi lole ndi amuna asanu, nyundo zili m'manja, kuti agumule mpanda. Anapeza Eunice atakhala pachipata, miyendo atatambasula.

"Achemwali, dzukani apo," anatero Mavuto.

"Achimwene, inu kwanu ndi ku Mdeka komwe munakwatira. Pano ndi panga. Njerwa imodzi isagwe."

"Galimoto ndi ya bambo anga!"

"Ine ndinabadwa ndi mtengo? Ngati ili ndi mapiko, iuluke."

Julius anaona kuti pavuta. "Musakangane, abale. Tingotengako injini tikaione ku Blantyre. Loweruka ndibwera ndi njinga, zotsalazo tidzakambirana."

Eunice anakana, koma Mavuto anachita manyazi kugonja kwa mkazi pamaso pa amuna anzake. Amuna aja anamasula injini, anaimanga pa mitengo, n'kuitulutsa pakachipata paja ngati maliro.

Loweruka linafika, Julius zii. Lina linafikanso. Foni yake sinkapezekanso. Ndiye onani kupusa kwake: Mavuto anakwiyira mlongo wake, osati mbava ija. Miyezi iwiri osamulankhula, akuuza anthu pamsika kuti Eunice wamudyetsera njinga.

Mwamuna wa Eunice, January, ankanyamula katundu pabwalo la ndege ku Chileka. Iye anajambula galimotoyo pafoni n'kuonetsa mayi wina dzina lake Bushra, mwini galaja ku Blantyre, wokonda magalimoto akale. Mayiyo sanachedwe kufika. Mavuto anaitanidwa, anabwera nkhope ili gwaa.

Mayi Bushra anagwada m'fumbi, anapukuta chitseko ndi mpango wawo.

"Bambo anga ankandisimbira kulira kwa galimoto imeneyi. Sindinkadziwa kuti ndidzaigwira ndi manja anga." Anatsegula boneti. "Injini ili kuti?"

Onse anayang'ana Mavuto.

"Aa! Mwaidula mutu," anatero mayiwo. "Ikakhala ndi injini yake yobadwa nayo, anthu amachoka kutali kuilondola. Amene anakuberaniyo ankadziwa bwino chimene akuchita. Akanatenga yonse, lero akanamanga nyumba."

Mavuto anakhala pansi.

Mayiwo akanafuna akanawapusitsanso, poti panalibe ankadziwa kanthu. Koma ayi. Anaitanitsa a Solomon kuti akhale mboni, analemba pangano: galimoto ikhalabe ya banjalo, iwo aikonza ndi injini ina, izikatenga akwati pa maukwati, phindu azigawana. Apo Eunice analola kugumula mpanda, ndipo mayiwo anaumangitsanso ndi simenti, chipata chachikulu.

Patatha chaka galimoto inabwera ku Lirangwe ikuyenda yokha. Kulira kwake kunamveka isanaoneke. Akabaza anaima, makondakitala a minibasi anaimba likhweru, amayi ogulitsa tomato anasiya malonda. A Solomon anavula chipewa, misozi ili mbwe. Mpando wachiwiri uja, umene Mavuto ankaunyoza, anakhalapo Eunice mpaka ku Chileka n'kubwerera.

Madzulo ake Mavuto anabwera ndi tambala m'khwapa, anagwada pakhonde.

"Achemwali, mukanapanda kukhala pachipata paja, bwenzi tilibe kanthu ka bambo. Zikomo. Ndinalakwa."

"Tambala ndalandira," anatero Eunice. "Koma mlomo uja muziusiya ku Mdeka."

Lero ana a Mavuto akupita kusukulu atavala nsapato chifukwa cha galimoto yosanyamula chimanga ija. Mavuto amayamika mlongo wake, a Solomon ndi Mayi Bushra paliponse pamene wakhala. Julius Kapito injini sanabweze. Njinga sanabweretse. Mpaka lero.

Phunziro: Munthu akakuuza kuti chinthu chako ndi zinyalala koma iye wabwera ndi lole, dziwa kuti wakuona kupusa. Funsa odziwa usanalole, ndipo m'bale amene akukukaniza usamutenge ngati mdani. Tumizani uthengawu kwa abale onse amene ali ndi chinthu cha makolo kuseri kwa nyumba, Julius wina asanawapeze.